Dzina la Bernado pa Kaseti Yachiwiri

Chezi, Dowa
Lamulungu, 13 Ogasiti 1995

Wokondedwa mng'ono wanga Vinsenti,

Lero titachoka ku Misa tinakhala pakhonde anthu anayi: ine, amayi, mlamu wako Eveline, ndi mlongo wathu Margareta amene wabwera kuchokera ku Malomo kudzationa. Tinaika mabatire atsopano mu wailesi n'kumvera kaseti yanu yoyamba ija, Basi ya ku Malomo, mbali zonse ziwiri osadumpha nyimbo. Koma ndiyambe ndi moni. Uli bwanji ku Lilongweko? Anzako a gulu, a Reinford a kiyibodi ndi enawo, ali bwanji? Kuno tili bwino, kupatula mwendo wa amayi umene ukutupabe.

Kasetiyo yatuluka bwino. Amayi anavina ndi mapewa okha ali chikhalire pamphasa. Margareta anati dzina lanu la Anyamata a Chigafa likukuyenera, chifukwa iwe unkathawa kusoka fodya koma mthunzi wa chigafa sunkauthawa.

Tsono pali kanthu kakang'ono. Nyimbo zili m'menemo ndi zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi ziwiri ndi zanga, zija ndinakuimbira ndi banjo m'kaseti yopanda kanthu pa 6 Novembala chaka chatha n'kukutumizira pa lole ya a Isake. Ndayang'ana chikuto kutsogolo ndi kumbuyo. Ndatulutsa kapepala kam'kati n'kukatambasula. Palembedwa kuti, "Wopeka nyimbo zonse: Vinsenti Chimphepo." Dzina la wojambula chithunzi lilipo. Dzina la amene anakubwerekani ng'oma lilipo. Langa sindinalipeze. Mwina osindikiza anaiwala. Undiuze mmene zinayendera, kuti ndidziwe choyankha anthu akandifunsa, popeza kuno nyimbozi anazimva kwa ine iwe usanazimve.

Ndine mkulu wako,
Bernado

Kawale, Lilongwe
2 Okutobala 1995

Achimwene,

Moni nonse kumeneko, makamaka amayi ndi alamu. Pepani ndachedwa kuyankha. Masiku ano tilibe mpata: Lachisanu tili ku Mponela, Loweruka ku Kasungu, Lolemba tikuyendetsa tokha makaseti m'magolosale, popeza tilibe kampani yotigulitsira. Koma zikuyenda. Wailesi ikutiimba kawiri pa sabata. Munthu wina wolemba za nyimbo mu nyuzipepala ya Lachisanu, Felton Mlotha, walemba kuti ife ndiye mawu a Malawi watsopano, kuti anthu atatopa ndi nyimbo zotamanda akuluakulu apeza gulu loimba za matenanti ndi mabasi owonongeka panjira. Ndasunga pepalalo.

Za dzinalo musadandaule. Kuno anthu amagula dzina la munthu amene amamuona pa siteji. Reinford akuti mayina awiri pachikuto amasokoneza ogula. Ndiponso inu ndi ine ndife amodzi. Pamene palembedwa Chimphepo, theka la dzinalo ndi lanu. Nanga inu dzina mukalitani ku Cheziko, mukalipachika m'chigafa?

Ndaika K200 m'kalatamu, ndipo shati yabuluu ikubwera ndi a Isake.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Tikufuna kutulutsa kaseti yachiwiri anthu asanatiiwale. Situdiyo tasungitsa mwezi wa Januwale. Ndikufuna nyimbo zisanu ndi zitatu Khirisimasi isanafike. Muchite monga kale, muimbe m'kaseti ndi banjo, ife tidzavalika kuno. Zikhale zachikondi, za m'tauni. Za fodya zakwana.

Wanu,
Vinsenti

Chezi, Dowa
Lamulungu, 10 Disembala 1995

Wokondedwa Vinsenti,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno mvula inayamba pa 28 Novembala, chimanga tadzala, fodya taokera. Kalata yako ya pa 2 Okutobala ndinailandira pa 13 mwezi womwewo. K200 inalimo. Shati inafika pa 20, koma manja ake ndi aafupi, ndapatsa mlamu wathu wa ku Malomo.

Zimene unanena za dzina ndamva. Sindionjezerapo.

Nyimbo zako ndi izi m'kaseti imene a Isake akupatsa, zisanu ndi zitatu monga unapempha, zonse zachikondi, zonse za m'tauni. Ya Magetsi a Kawale ikhoza kukhala mutu wa kaseti yonse. Pempho langa ndi limodzi. Usazitsitse. Uziimbe pamwamba pomwe ndaziika ine, chifukwa kukoma kwake kuli pomwepo.

Amayi akupereka moni. Akufunsa ngati ubwera pa Khirisimasi.

Mkulu wako,
Bernado

Chezi, Dowa
Lachiwiri, 12 Disembala 1995

Wokondedwa mlongo wanga Margareta,

Muli bwanji ndi alamu ndi ana ku Malomoko? Ife tilipo. Kalata iyi ukawerenga uisunge pamalo poti wina asaione. Ngakhale Eveline sindinamuuze.

Unandifunsa mwezi watha chifukwa chimene ndavomera kumupekeranso nyimbo munthu amene anandiuza kuti dzina langa ndikapachike m'chigafa. Unati ndine wofatsa mopusa. Tsopano ndikuuza.

Ukukumbuka kanyimbo kaja tinkang'ung'udza tili ana posoka fodya, kopanda mutu, kongothandiza kuti manja aziyenda? Ndatenga kameneko. Nyimbo yoyamba ndi komweko mofulumira. Yachiwiri ndi komweko mozizira. Yachitatu ndayambira pakati n'kubwerera koyamba. Choncho mpaka zisanu ndi zitatu. Pa banjo sizikudziwika, chifukwa nyimbo iliyonse ndimasintha kayendetsedwe ka zala. Koma akakaziika pa kiyibodi ya a Reinford, imene imagunda mofanana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, munthu wa makutu adzazindikira kuti wagula nyimbo imodzi kasanu ndi katatu.

Mawu ake sindinapeke. Ndinakhala pa siteji ya basi pano Lachitatu awiri otsatizana ndi kope langa, n'kumalemba zolembedwa kumbuyo kwa maminibasi. Zina ndatola pa kalendala ya m'golosale.

Ndipo zonse ndaziika pamwamba. Ukudziwa pamene mawu a Vinsenti amathera. Kukwaya a katekisi anamusamutsira kumbuyo kwa abambo akuluakulu ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Akakakamiza kukwera amalira ngati wilibala yopanda girisi. Ndamuuza kuti asatsitse, ndipo sadzatsitsa, chifukwa pa nyimbo sananditsutsepo chibadwire.

Sindinakwiye mofuula, ukundidziwa. Ndinangowerenga masiku. Kuyambira pa 13 Ogasiti mpaka pa 13 Okutobala ndinadikira miyezi iwiri kuti anene mawu amodzi okha. Anatumiza shati. Tsono pachikuto padzalembedwanso kuti wopeka nyimbo zonse ndi Vinsenti Chimphepo, ndipo ndikufuna a Felton a nyuzipepala aja adzamufunse iyeyo kuti nzeru zija zapita kuti. Ayankhe yekha ndi dzina lake lonse, osati theka.

Ndine mlongo wako,
Bernado

Kawale, Lilongwe
4 Disembala 1995

Pamwamba pa kalata iyi Bernado analembapo ndi pensulo kuti: Yafika m'manja mwanga Lolemba, 15 Januwale 1996. Inabwera m'thumba la makalata la kusukulu sabata yotsekera, ahedi anaitsekera m'kabati n'kupita kwawo ku tchuthi ndi kiyi. Masiku 42.

Achimwene anga,

Moni kwa amayi, alamu ndi inu. Ndikulemba ndili ndi manyazi.

Loweruka tinaimba ku Mponela. Titamaliza nyimbo ya Tenanti Alibe Manda, mayi wina wachikulire anabwera kumbuyo kwa siteji. Anati dzina lake ndi Roza, kwawo ndi ku Phalombe, anali tenanti pa esiteti ija ili kuseri kwa phiri kwathuko. Anandigwira dzanja n'kufunsa ngati ndine mng'ono wa Bernado. Nditavomera anati nyimboyo inu munaiimba koyamba pa maliro a amuna awo, tsiku limene anawaika m'manda a eni mudzi chifukwa panalibe galimoto yowatengera kwawo. Kenaka anati, "Mwachita bwino kuiimba, mwana wanga. Koma pa siteji paja mwanena kuti munaipeka muli mu basi. Basi yake iti?"

Reinford anaseka.

Achimwene, ndinakulakwirani, ndipo kalata yanga ija inali yachipongwe. Makaseti oyamba anatuluka kale, sindingawabweze. Koma yachiwiriyi idzakhala yanu. Ndakangana ndi Reinford mpaka wagonja. Kutsogolo kwa chikuto kudzalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti, "Wopeka nyimbo zonse: Bernado Chimphepo wa ku Chezi." Chithunzi chanu cha paukwati chija ndili nacho, tidzachiika pambali pa changa. Choncho tumizani zimene mumazikonda inuyo. Ngati ndi za fodya, zikhale za fodya. Dziko likumveni.

Mng'ono wanu,
Vinsenti

Chezi, Dowa
Lolemba, 15 Januwale 1996

Vinsenti,

Moni. Kalata yako ya pa 4 Disembala ndailandira lero masana. Iyi ndikupatsira a Isake pamanja kuti ifike mawa.

Usajambule nyimbo zija. Ngati mwayamba, imani. Sizinapse. Ndili ndi zina zinayi zabwino, ndipo zinayi zotsalazo ndikhoza kumaliza pofika pa 15 Febuluwale. Ngati nkosatheka kuima, chotsa dzina langa ndi chithunzi changa. Ndikupempha ndithu.

Bernado

Kawale, Lilongwe
1 Febuluwale 1996

Achimwene,

Moni nonse. Kalata yanu inandiseketsa. Miyezi yonseyi mumafuna dzina, lero dzina labwera mukuthawa ngati mkwatibwi. Manyazi a kumudzi amenewo. Muzolowera.

Kuima sikungatheke. Tinajambula pa 8, 9 ndi 10 Januwale. Zikuto zasindikizidwa kale, ndipo mwatuluka bwino, ngakhale tayi yanu yapendekeka. Tapanga makaseti 1,500. Zonse zimene tinapeza pa kaseti yoyamba talowetsa momwemo, ndipo zitaperewera Reinford anapereka kiyibodi yake ngati chikole kwa mwini situdiyo mpaka mwezi wa Meyi. Mukuona mmene tikukukhulupirirani.

Kunena zoona nyimbozi zinandivuta kukhosi. Tsiku lachitatu ndinkangomwa madzi otentha a mandimu. Wojambula anati titsitse pang'ono, ine ndinakana. Ndinamuuza kuti akulu anga anati kukoma kwake kuli pamwamba pomwepo, ndipo iwo salakwitsa. Woimba ng'oma anadandaula kuti nyimbozi zikufanana, ndinamuuza kuti makutu ake ndi a ng'oma.

Ikutuluka pa 1 Malichi. Uzani amayi asunge mabatire.

Wanu,
Vinsenti

Kawale, Lilongwe
9 Epulo 1996

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale simunandiyankhe chitumizireni kaseti. Mwina ndi ntchito ya fodya. Ndikutumizirani zimene Felton Mlotha walemba Lachisanu lapitali. Ndikanakonda kubisa, koma ndi bwino mumve kwa ine kusiyana ndi kumva kwa anthu a mu basi. Ndakopera mawu ake onse:

"Chaka chatha ndinalemba pano kuti Anyamata a Chigafa ndi gulu loti tiliyang'anire. Ndaliyang'anira, ndipo ndabwera kudzapepesa kwa onse amene anandimvera. Magetsi a Kawale si kaseti ya nyimbo zisanu ndi zitatu. Ndi nyimbo imodzi imene yavala malaya asanu ndi atatu. Ndinaitembenuza kawiri kuganiza kuti wailesi yanga yabwereza mbali yomweyo. Mawu ake aliyense amene anakwerapo minibasi ya ku Kawale anawawerenga kale kwaulere. Vinsenti Chimphepo, amene mawu ake okhuthala anatiliza pa Tenanti Alibe Manda, apa akukuwa ngati munthu amene waponda moto. Chachitika n'chiyani? Yankho lili pachikuto. Kaseti yoyamba anapeka yekha Vinsenti. Yachiwiriyi wapatsa mkulu wake, Bernado wa ku Chezi, bambo wa tayi yopendekeka. Kukonda abale ndi chinthu chabwino, koma kumachitikira kunyumba, osati m'matumba mwa ogula. Vinsenti abwerere ku cholembera chake. A Bernado abwerere ku fodya."

Achimwene, musamumvere. Munthu ameneyu sanagwirepo banjo. Ndinapita ku ofesi yawo Lolemba, ndinamupeza akudya chipisi pa desiki. Ndinamuuza pamaso pa anzake kuti nyimbo za kaseti yoyamba zimene amazitamazo zinali zanu. Anati ndikunama pofuna kukutchinjirizani, ndipo anati zimenezo n'zokoma mtima. Alonda ndiwo ananditulutsa. Koma sindinathane naye. Ndikudziwa kumene amamwera.

Malonda aima. Wailesi inaimba kamodzi basi. Reinford sakundilankhula bwino. Koma ine ndikuti nyimbo zanu ndi zakuya, anthu adzazimvetsa mochedwa. Ndilembereni, ngakhale mizere iwiri.

Mng'ono wanu,
Vinsenti

Malomo, Ntchisi
6 Meyi 1996

Iwe Vinsenti,

Moni ndikupatsa chifukwa tinayamwa bere limodzi, osati chifukwa ndakondwa nawe. Alamu ako ndi ana ali bwino.

Nyuzipepala ija inafika kuno. Mphunzitsi wina anaiwerenga mokweza pa sitolo, anthu n'kumagwa ndi phwete. Ndinapita ku Chezi Loweruka. Achimwene sakutuluka. Fodya akusankhira m'nyumba. Ku Misa akupita ya m'mawa kwambiri n'kukhala kumbuyo. Ndinawafunsa kuti zatheka bwanji dzina lawo kupezeka pamenepo, anangoti, "Zachitika, mlongo wanga."

Koma ine si mwana. Ndakhala pansi ndaganiza, ndipo ndakutulukira. Iwe unazindikira. Unamva kuti ndi kanyimbo kosokera fodya kaja akungokatembenuza, unaona kuti mawu ndi a kumbuyo kwa maminibasi, unadziwa kuti akukweza dala kuti ukhosi wako ukuchititse manyazi. Ndiye m'malo mobwera kuno kudzakangana nawo ngati mwamuna, unati chabwino, ndiika nkhope yawo pomwepo dziko lonse liwaseke. Pa kaseti yabwino dzina lawo linkasokoneza ogula. Pa yoipa lapeza malo, ndi chithunzi chomwe. Wachenjera, mwana wa m'tauni.

Inde anakutchera. Anandilembera okha mwezi wa Disembala, kalata ndili nayo. Ndipo ine ndinati achita bwino, chifukwa unayamba ndiwe. Iwo anafuna kukupunthwitsa kamodzi kuti uphunzire kunena zikomo. Iwe wawavula pamsika. Munthu amene anasiya sukulu Sitandade 6 kuti iwe ufike Fomu 2.

Usayankhe kwa ine. Ukayankhe kwa amayi, amene mpaka lero sakudziwa chimene ana awo akuchitirana.

Margareta

Kawale, Lilongwe
3 Juni 1996

A Bernado Chimphepo,

Moni wanga mupereke kwa amayi okha.

M'kalatamu ndaikamo kalata ya achemwali a Margareta. Muiwerenge kaye, kenaka mupitirize yangayi.

Sindinkadziwa. Ndikufuna mudziwe zimenezo poyamba. Ndinaiwerenga katatu ndili pa khomo la situdiyo, tsiku limene Reinford anapita kukaona kiyibodi yake ikugulitsidwa kwa anthu a tchalitchi china. Nditafika kunyumba ndinaika kaseti yanu ya banjo ija n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo kosokera fodya pamwamba pake. Kanalowa mu yoyamba. Kanalowa mu yachiwiri. Ndinafika nako mpaka yachisanu ndi chitatu.

Ndinakana kutsitsa nyimbo chifukwa cha inu. Ndinatukwana woimba ng'oma chifukwa cha inu. Ndinakokedwa ndi alonda pa ofesi ya nyuzipepala, shati kung'ambika, anthu akuonerera, ndikuteteza nyimbo zimene inu munatola kumbuyo kwa minibasi. Pa 15 Januwale munali ndi mpata wondiuza zoona. Munalemba kuti sizinapse. Pamene ndinakutumizirani za Felton munali ndi mpata wina. Munakhala chete kundisiya ndizikamenyana ndi anthu.

Gulu latha. Reinford wabwerera kwawo ku Ntcheu. Woimba ng'oma walowa gulu lina. Ine ndapeza ganyu yotsitsa mabelo ku okushoni ku Kanengo, fodya yemwe uja munkati ndimathawa. Mwina mabelo anu adzadutsa pamsana panga.

Makaseti tinagulitsa 360. Otsala 1,140 ndi anu, popeza dzina ndi lanu. Ndalipira a Isake kuti pobwera kuchokera ku okushoni awakweze pa lole. Ndawauza kuti asakatsitse kunyumba kwanu. Akatsitse pamsika, tsiku la msika, ndipo aliyense wofuna atenge kwaulere. M'katoni iliyonse ndaikamo mapepala a zimene analemba Felton, ndinachulukitsa pa makina ndi ndalama yanga yomaliza. Munkafuna kuti kwanu akudziweni. Akudziwani.

Felton ndamusiya. Iye analemba zoona.

Musandilemberenso kuti mng'ono wanga.

Vinsenti

Chezi, Dowa
Lamulungu, 14 Julayi 1996

Vinsenti,

Wandiletsa mawu aja, ndiye ndangolemba dzina. Ndikhulupirira msana ukupirira mabelo. Kuno tili moyo. Mwendo wa amayi waphwa pang'ono.

Katundu wako anafika Lachitatu, pa 19 Juni, nthawi ya 10 koloko m'mawa, msika utadzaza. Ndinalipo ine, Eveline, a katekisi, ndi anthu ena amene sindinathe kuwawerenga. A Isake anachita monga unawatuma, ngakhale anayamba abwera kudzandinong'oneza kuti akhoza kukhotera kunyumba ngati ndikufuna. Ndinawauza kuti atsitse pamene analipiridwa. Makatoni anali khumi ndi awiri. Ndinathandiza kutsitsa. Pofika 12 koloko munalibe kanthu.

Zimene unafuna zachitika, ndikuuze kuti mtima wako ukhale pansi. Pepala la a Felton lamatidwa pa golosale, pa chigayo, ndi pa mtengo wa pa siteji. Dzina langa latsopano ndi a Tayi. Ndikamadutsa pa njinga anyamata a pa bawo amayamba kuimba Magetsi a Kawale ndi mawu aang'ono ngati a mbuzi. A katekisi anandiuza mwaulemu kuti nyimbo ya chikondwerero cha parishi chaka chino apeka ndi ena, ine ndipume. Ndakhala ndikuipeka zaka khumi ndi chimodzi. Mayi Roza aja anabwera pamsika kudzagula mchere, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita osandipatsa moni. Zimenezo ndiye zinandiwawa kuposa pepala.

Makaseti ambiri sakuimbidwa. Anthu akusolola ulusi wake n'kumamanga pa timitengo m'madimba kuti uziopseza mbalame. Ukaima pa phiri masana madimba onse a kumunsi akunyezimira. Akuti ukugwira ntchito bwino.

Margareta anabwera akulira atamva kuti iwe sunkadziwa. Ndinamuuza kuti asalire, kalata yake inanena zimene ine ndinalephera kulemba. Pa 15 Januwale ndinagwira cholembera kuti ndikuuze zonse. Ndinaopa. Pamenepo wanena zoona, ndipo sindikutsutsa.

Amayi tawauza, ine ndi Margareta, pa 30 Juni. Anamvetsera osatidula. Kenaka anati iwo anazindikira tsiku loyamba lomwe kuti ndi kanyimbo kosokera fodya, chifukwa anakayambitsa ndi iwowo, chaka chimene anali ndi pakati pa Margareta, kuti ine ndisamagone pa ntchito. Anati ankaganiza kuti ana awo awakumbukira. Anandifunsa kuti, "Nanga dzina langa lili pati pamenepo?" Kaseti yawo akuimverabe madzulo alionse, ndipo salola munthu kuigwira.

Tsopano tiwerengerane, chifukwa ine sindidziwa kukhala ndi chinthu chosawerengeka.

Iwe unatenga nyimbo zanga zabwino zisanu ndi ziwiri n'kulembapo dzina lako. Mpaka lero dziko likudziwa kuti ndi zako, ndipo a Felton atsimikiza. Zimenezo sizidzabwerera kwa ine. Ine ndinakupatsa nyimbo zoipa zisanu ndi zitatu. Pa zoipazo, zisanu ndi ziwiri zoyamba sindikupepesa, ngakhale amayi atandikakamiza. Tafanana. Za kiyibodi ya a Reinford ndi mlandu wanga ndi iwowo, ndawalembera padera pa 8 Julayi. Za pamsika paja ndalandira, sindibweza.

Koma ndikachotsa zisanu ndi ziwiri pa zisanu ndi zitatu, ine ndinapyola ndi imodzi.

Ndaipeka. Ndinaimaliza Lachinayi, pa 11. Ili pansi, pamene mawu ako amakhala bwino osakakamiza. Palibe amene waimva, ngakhale Eveline. Sindiika m'kaseti, sindipatsira a Isake, sindiponya m'thumba la kusukulu. Ukaifuna ubwere udzaimve pakhonde pano, amayi ali pomwepo, udutse pamsika pomwe unanditumizira makatoni. Ukadzaitenga ulembepo dzina limene ukufuna. Ukapanda kubwera ikhala m'mutu mwanga, ndipo ndidzapita nayo kumanda.

Chotsala kwa ine kupita kwa iwe, lero pa 14 Julayi 1996: nyimbo imodzi.

Bernado